Maere a Ubusa wa a Torleiv

Nditabwerako ku Lisbon ndinapeza chilumba chathu chili momwe ndinachisiyira: mphepo, fungo la nsomba, ndi anthu oti ukawapatsa moni amayamba aganiza kaye. Chatsopano chinali chimodzi. A Torleiv Vikse, amene anakalambira pa ntchito yodula matikiti m'sitima yowolotsa anthu, anali atamva kuitana kwa Mulungu. Imvi zili mbuu, munthu n'kukalowa sukulu ya ubusa ku Stavanger.

Chaka choyamba anadyera boti lawo limene anagulitsa. Chachiwiri chinalibe wolipira, ndipo popanda thandizo sukuluyo inali yothera pomwepo. Akazi awo, a Gunnvor, ankauza aliyense m'sitolo, ngakhale wosafunsa.

Kwathu munthu sapempha, ndiponso sapatsa mnzake ndalama m'manja. Timachita maere. Amayi amabweretsa zoluka ndi makeke kunyumba ya mapemphero, anthu amagula timitengo ta manambala, wina n'kumatola nambala m'chitini. Aliyense amabwerera kwawo akudziuza kuti sanathandize munthu, ankangofuna masokosi.

Azakhali anga a Oddny analuka juzi dzinja lonse kuti ikhale mphoto yaikulu. Loweruka la maere othandizira sukulu ya a Torleiv holo inadzaza, ngakhale osapemphera anabwera.

Maere asanayambe pamakhala mawu achidule, ndipo anapatsa mwini wake. A Torleiv anaimirira ndi malaya akuda atsopano, natsegula Baibulo pamene asilikali anachita maere pa chovala cha Yesu pamtanda.

"Abale, kusukulu maso anga atseguka. Maere ndi juga basi, ngakhale muyambe ndi nyimbo ya Mulungu."

Juzi ija inali itapachikidwa kumbuyo kwawo, manja ali tambasu.

A Steinar, amene ankagwira nawo ntchito m'sitima, anakweza kamtengo kawo. "Iwe Torleiv, ndiye kuti Oddny ndi msilikali wa Chiroma?"

"Asilikali ndinu ogula," anatero azakhali. "Ine ndangoluka."

"Sindikuletsa kupereka," a Torleiv anapitiriza, nkhope ili gwa. "Dengu ndiika pakhomo. Perekani ndi mtima, osayembekezera kanthu."

Palibe amene anatsutsa. Kwathu kutsutsa ndi ntchito yolemetsa. Ogula kale anabweza timitengo, azakhali n'kuwabwezera makobidi awo mwakachetechete. Kenako tinamwa khofi, ndi kudya makeke onse a mphoto, poti kuwasiya kukanakhala kuwononga. Potuluka, a Torleiv anaima pafupi ndi dengu kupereka moni wa m'manja, ndipo aliyense anatanganidwa ndi mabatani a jekete lake. Kuponyamo kanthu iwo akuona kukanakhala kuwatcha wopemphapempha, ndiye anthu anga anasankha kuwalemekeza.

Ndikupinda mipando ndinamva a Gunnvor.

"Ukanatolera kaye, Torleiv, n'kudzalalikira mawa."

"Choonadi sichidikira."

"Lendi ya ku Stavanger nayonso."

Sukulu itatsegulira, a Torleiv sanawoloke. Pano amatsuka makoka kumakola a nsomba, ndipo Lamlungu amakhala mpando wakutsogolo, akupukusa mutu m'busa akalakwitsa vesi. Pachilumba onse amawatcha abusa. Ukafunsa za tsiku lija, anthu amagwedeza mutu mwaulemu ndi kunena kuti ulaliki wamphamvu chotere sanaumvepo.