Mahedifoni Otseka Makutu

Gitala ya magetsi ndinayamba kuphunzira imvi zitatuluka kale. Anzanga a ku ofesi ku City Centre atafika msinkhu umenewu, ena anagula minda, ena anayamba gofu. Ine ndinagula gitala ndi ampu yokwezera mawu yaikulu ngati sutikesi. Patatha zaka ziwiri ndinkadziwa nyimbo zitatu, ndipo ziwiri mwa izo ndinkazidziwa mpaka pakati. Loweruka lililonse masana ndinkalowa kuchipinda chathu chogona n'kuyamba ntchito. Kwathu ku Area 43 mipanda ndi yaitali, moti palibe amene anabwera kudzadandaula, kupatula agalu a aneba.

Kenako kunabwera apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, kuchokera kumudzi. Mtima unkawavuta, ndipo adokotala anati akhale m'tauni miyezi ingapo kuti azionedwa Lachinayi lililonse. Iwo za m'tauni sankazifuna. Tsiku lililonse ankafunsa ngati nyemba zawo zapaliridwa, ngati kuti ife tinali ndi maso ofika kumudzi. Atatha masabata awiri, mkazi wanga anandikokera pambali.

"Amayiwa akapita kumudzi, mankhwala akasiya," anatero. "Chonde musawapatse chifukwa chochokera."

Ponena zimenezi ankayang'ana ampu.

Ine ndi apongozi tinkalemekezana mwachikale. Pa zaka zonse za ukwati wathu sitinadyepo pamodzi. Tikakumana m'kolido, iwo ankakhotera kukhitchini, ine kubafa, ngakhale ndilibe chokachita kumeneko. Moni ankandipatsa atanjuta cham'mbali, maso ali kukhoma. Nkhani zonse zinkadutsa mwa mkazi wanga. Choncho sindinawafunse ngati gitala ikuwasowetsa mtendere. Ndinangoweruza ndekha kuti munthu wodwala mtima sangapirire kuimba kwanga, popeza ngakhale a mtima wabwinobwino kunkawavuta.

Lolemba nthawi ya nkhomaliro ndinatsikira ku Old Town, ku sitolo ya mmwenye wina wachikulire wogulitsa mawailesi ndi masipika a m'matchalitchi. Ndinamufotokozera kuti ndikufuna kuimba gitala popanda munthu wina kumva.

"Bwana, mukanakhala ambiri oganiza choncho," anatero, osaseka n'komwe.

Anandionetsa njira zingapo. Ndikanatha kugula chingwe cholumikiza mahedifoni ku ampu yanga yomweyo. Panalinso kabokosi kolumikiza gitala ku laputopu, koma kameneko ndinakakana chifukwa laputopu ndimakhala nayo tsiku lonse ndipo sitikondana. Ndinasankha kaampu kakang'ono ngati bokosi la machesi, kosomeka pa gitala pomwepo, koyendera mabatire. Magetsi akathima, luso lisathime nawo.

Nkhani inavuta pa mahedifoni. Anatulutsa mitundu iwiri n'kuiyala pakauntala.

"Awa ali ndi timabowo kumbuyo," anatero. "Mumamva gitala, mumamvanso za m'nyumba. Koma amadontha pang'ono, wokhala pafupi amamva ngati udzudzu. Awa ndi otseka. Ngakhale mvula pa malata simungaimve."

Ndinavala otsekawo. Mkuluyo anapitiriza kulankhula, milomo ikugwedezeka, ine osamva kanthu. Ndinaganiza zogulanso ena a ku ofesi.

"Ndipatseni amenewa," ndinatero nditavula.

"Kunyumba mumakhala nokha?"

"Ayi, tilipo."

"Ndiye tengani a timabowo, bwana."

Sindinamumvere. Ndinkafuna kuti ngakhale udzudzu umenewo usafike kwa apongozi. Paja amati nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi, koma mwambi umenewu munthu amaukumbukira nsima itanyowa kale.

Masabata atatu zinayenda bwino kwambiri. M'makutu mwanga ndinali katswiri wodzaza bwalo, kunja kunkangomveka timawaya kuti tswii tswii. Mkazi wanga anandiyamikira. Ndinanyada, ndipo ndinayamba kuimba ngakhale pakati pa sabata ndikaweruka. Ndinkangofika, kupereka moni, n'kukadzitsekera makutu.

Loweruka lachinayi mkazi wanga anapita ku chilangizo cha mwana wa mnzake, ndipo mayi wotithandiza ntchito sabwera Loweruka. Mankhwala atsopano a apongozi tinali titawaiwala m'galimoto, makiyi ali m'thumba mwanga. Ine zimenezi sindinkazikumbukira. Ndinakhala pabedi, msana kukhomo, chitseko chili chotsegula pang'ono, n'kulimbana ndi theka lotsala la nyimbo yachiwiri. Ndinalimbana nalo pafupifupi ola lathunthu.

Nditavula mahedifoni ndinamva mawu osasa, otopa.

"Odi."

Apongozi anali atakhala pansi m'kolido, atatsamira khoma, thukuta lili kamukamu, dzanja lili pachifuwa. Mapazi awo anali atalekezera pakhomo penipeni, osadutsa ngakhale chala.

"Mayi, mwakhala pano nthawi yaitali?"

"Pang'ono, bambo. Ndimafuna mankhwala aja."

"Nanga bwanji osalowa n'kundigwedeza?"

Anandiyang'ana m'maso koyamba chikwatirire changa, ngati ndatukwana.

"Kuchipinda kwa akamwini?" anatero. "Ndaodira, ndaomba m'manja, ndagogoda. Ndinaganiza zoponya patapata, koma ndinaopa kuti ikukhudzani."

Ndinathamangira kugalimoto wopanda nsapato. Atamwa mankhwala ndinawatengera kuchipatala, komwe anatiuza kuti palibe choopsa koma tisadzabwerezenso. Ndinachita mantha tsiku limenelo, mantha enieni. Manyazi anabwera pambuyo pake, ndipo ndi amene anakhalitsa.

Mawa lake titabwerako kutchalitchi, apongozi anayala mkeka pakhonde n'kuitana mwana wawo. Ine ndinakhala pabalaza pafupi ndi zenera, pomwe mkamwini amamvera nkhani zimene sakuzimva.

"Mlendo ndi mame," anatero. "Mawa mundiperekeze ku depoti."

Mkazi wanga anachonderera. Anatchula adokotala, anatchula mtima, anapepesa za mankhwala aja.

"Si za mankhwala ayi, kuiwala n'kwa aliyense," anatero apongozi. "Koma ine ndili ndi maso. Ndinapeza bambowa akuimba m'nyumba mwawo. Nditakhala pang'ono, anasiya. Kenako anakagula zotseka m'makutu. Munthu akafika potseka makutu m'nyumba yakeyake, ndiye kuti mlendo wamukwana. Sanganene, ndi munthu waulemu. Ndiye ndinene ndine."

"Amayi, anagula zimenezo chifukwa cha inu, kuti phokoso lisakuvuteni!"

"Phokoso lake liti? Kuno kuli phokoso? Kuno ngakhale tambala kulibe. Mukapita ku ntchito ndimakhala tsiku lonse kuyang'ana mpanda, mwina mpaka ndimalankhula ndekha kuti ndione ngati makutu akugwirabe ntchito. Loweruka loyamba lija atayamba chinthu chawocho, ndinasendeza mpando pafupi ndi khomo. Ndinati eya, muno muli anthu."

Ine pazenera paja ndinamva chisoni chimene sindinachiyembekezere. Masabata atatu onsewo ndinkadziyesa mkamwini wachitsanzo, pomwe mayi wodwala ankawerenga masiku akuganiza kuti ndatopa naye. Kulowa m'nkhani yawo sindikanatha, ndipo ngakhale ndikanatha, ndinalibe mawu oti awakhulupirire.

Ndinadzuka n'kukanyamula ampu yaikulu ija pansi pa mulu wa zovala pomwe inali itasanduka tebulo. Ndinaikokera pabalaza, n'kutsegula mazenera onse a kukhonde. Mwamwayi magetsi analipo. Ndinasankha nyimbo imene ndinkaidziwa mpaka kumapeto, ya m'buku la kutchalitchi, ndipo ndinaiimba monga ndimaimbira nthawi zonse, kuphonya pomwe ndimaphonya, kubwerera, kuphonyanso. Agalu a aneba anandilandira. Apongozi anakhala chomwecho pamkeka, msana uli kwa ine, osatembenuka.

Nditamaliza ndinamva apongozi akulankhula ndi mwana wawo, mawu atawakweza pang'ono kuti adutse pazenera.

"Uwafunse bambowo kuti Lachinayi tidzanyamuka nthawi yanji kupita kuchipatala."