Kadontho Kopanda Magazi

Achemwali anga amagwira ntchito mu labotale, m'chipinda chapansi chopanda zenera. Ntchito yawo ndi yotapa madzi a muubongo wa mbewa. Kunyumba tinkawaseka kuti ndi anamwino a mbewa. Si munthu wa nkhani zambiri.

Amati mbewayo amayamba aigoneka ndi mankhwala, kuimeta pankhongo, n'kuiweramitsa mutu. Kenako, diso lili pa maikulosikopu, amalowetsa kachubu kagalasi kopyapyala ngati tsitsi, atagwira mpweya. Madzi amakwera okha, kadontho chabe, koyera ngati msozi. Kakangofiira ndiye kuti walasa mtsempha, ntchito yonse yapita pachabe. N'chifukwa chake m'mawa samwa khofi, kuopa kuti dzanja linganjenjemere. Akamaliza amaifunditsa mbewayo kansalu kofunda. Madziwo amapita kwa akatswiri ofufuza matenda oiwalaiwala, ndipo zimene amapeza kumeneko achemwali sanazimvepo.

Chaka chatha alamu, amuna awo, anayamba kusunga makiyi mufiriji. Tinaseka. Tsiku lomwe anasochera pochokera kogula buledi, pamsewu wawo womwe, kuseka kunatha. Dokotala anati awatape madzi a pamsana, aone chimene chikuwasokoneza mutu.

Ndinawaperekeza. Kuchipatalako alamu anagonekedwa cham'mbali, koma ankangodzuka, ati akufuna nsapato zawo. Namwino anachita kutopa nawo. Achemwali anaimirira, anaika chikhatho pankhongo pa alamu, n'kuwaweramitsa mutu pang'onopang'ono. Alamu sanadzukenso. Singano italowa, ndinaona kuti achemwali agwira mpweya.

Ine misozi inali chuchuchu. Achemwali maso anali pa kabotolo komwe madziwo ankadonthera.

“Mulibe magazi,” anatero. “Dzanja lanu ndi labwino, adokotala.”

Kunena zoona, ndinapsa nawo mtima. Ndinawakokera pakhonde.

“Achemwali, mtima wanu ndi wamwala kodi? Ajatu ndi amuna anu!”

“Ndikudziwa,” anayankha. “Ndikufunafuna pomwe pakupweteka, koma sindikupapeza.”

Titabwerera m'chipindamo, alamu anawagwira dzanja achemwali mwaulemu.

“Zikomo kwambiri, anamwino. Akazi anga akabwera muwauze kuti ndili muno.”

“Ndiwauza, bambo,” anatero achemwali.

Anawafunditsa bulangete mpaka m'khosi, n'kuwakhudza kumapazi kuti amve ngati afunda. M'mawa mwake ndinawaikira achemwali khofi patebulo, ndimati lero sapita kuntchito. Anamukankhira kwa ine, n'kutenga chikwama chawo.