Mkazi wa ku Limbe amene a Sefu anavomera

A Sefu, mlamu wanga, anali telala pa Katuli. Makina awo opalasa ndi mwendo ankakhala pakhonde la sitolo imene amwenye anaisiya atasamukira m'tauni. Munthu wochepa thupi, tepi pakhosi tsiku lonse, manyazi ngati namwali. Akamayeza mzimayi ankayang'ana kudenga, moti ife tinkawaseka kuti tsiku lina adzasokera mtanda wa nyumba diresi. Anakwatira mng'ono wanga Asiatu mu 1977 n'kudzakhala pamudzi pathu.

Chaka chotsatira Asiatu anaima, mimba yoyamba, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mimbayo inali yaikulu modabwitsa. Itakwana miyezi isanu ndi iwiri, a Sefu anamusokera bulauzi ya nsalu ya chipani, poti amayi tonse tinkafunika kukaoneka ku msonkhano. Patapita masabata awiri okha, dzanja linakana kulowa.

"Ndinayeza ndekha," anandiuza, atagwira bulauziyo ngati yawalakwira. "Tepi sinama, alamu. Munthu sanenepa chonchi. Tiyeni naye kuchipatala."

Ine ndinati, "Aa, inunso! Mimba munaionera kuti?"

Koma nditamuyang'anitsitsa ndinaona nkhope yatupa, maso alowa mkati, chibangili chamira m'mnofu. Ankadandaula mutu wosamva aspirini. Ankati akuona tinthu tothwanima ngati ziphaniphani masanasana, ndipo pansi pa nthiti kumanja pankamuwotcha. Ndinachita mantha, n'kuthamangira kwa azakhali athu a Mwanamvua, amene anatilera.

Azakhali anangodina chala pa mwendo, pakhala kadzenje, basi mlandu watha. "Ndaka iyi," anatero. Anzathu achichewa amati tsempho: mwamuna akayenda ndi mkazi wina, wapakati amatupa, ndipo mankhwala sagwira mpaka wolakwayo aulule. Ife zimenezi sizinali zachilendo. Amayi athu anatupa chomwecho pa mimba ya Asiatu yemweyo, anakomoka n'kumwalira atangobereka, ndipo bambo athu anathamangitsidwa pamudzi akulumbirabe kuti sanachite kanthu.

Tinawakhazika pansi a Sefu masiku atatu. Ineyo ndi amene ndinkakalipa kuposa onse, sindibisa.

"Wallahi, pali Mulungu, sindikudziwa mkazi wina," ankatero. "Tipite naye kaye, mudzandizenge tikabwera."

"Sachoka pano musanatchule dzina," anatero azakhali. "Mukufuna akafere panjira ndi tchimo lanu?"

Tsiku lachitatu m'mawa Asiatu anafunsa kuti ndani waima pakhomo. Anali mwamuna wake, mapazi atatu okha kuchokera pamphasa, koma maso ake sankaonanso bwino. A Sefu anakhala pansi mwadzidzidzi.

"Chabwino. Alipo."

"Ndani?" anafunsa azakhali.

Anayang'ana kudenga nthawi yaitali. "Wa ku Limbe. Kumene ndimakagula ulusi."

"Dzina?"

"Rose."

Asiatu anatembenukira kukhoma, osalira n'komwe. Azakhali anasakaniza mankhwala ndi mchere, a Sefu n'kumumwetsa ndi dzanja lawo. Chikho chisanafike pansi, iwo anali kale pamsewu kuimitsa lole ya chimanga.

Kuchipatala tinalandiridwa ndi namwino wina dzina lake a Keti, wa kumpoto, wosamva Chiyao ngakhale moni. Anamumanga lamba pamkono, kupopa, n'kupopanso ngati sakukhulupirira. Kenako anawiritsa mkodzo wake m'kabotolo pa kanyali, ndipo unachita mbuu ngati madzi otsukira mpunga.

"Magazi akuthamanga koopsa, ndipo impso zayamba kuvutika. Wayamba liti kutupa kumaso?"

"Sabata yatha," ndinatero. "Koma musadandaule, amuna ake aulula kale."

"Aulula chiyani?"

Ndinafotokoza. A Keti anandiyang'ana, kuyang'ana a Sefu, n'kugwira m'chiuno. "Mayi, matendawa alibe nazo ntchito za amuna. Amakonda mimba yoyamba, mtsikana wamng'ono kapena mayi wamkulu, mimba ya mapasa, ndipo apa ndikumva mitima iwiri. Amayendanso m'magazi a pabanja. Amayi anu anabereka bwanji?"

Ndinakumbukira tsiku lija. Ndinaona bambo athu akutuluka pamudzi ndi mphasa yawo pamutu. Ndiye kuti chiyani? Ndiye kuti onsewo ankanama, kapena namwinoyu ndi amene sadziwa za kwathu? Nanga ngati ndaka kulibe, a Sefu avomera chiyani?

Madzulo ake Asiatu anakomoka kamodzi, thupi lonse kugwedezeka. Anamubaya jakisoni, n'kumuchita opaleshoni. Ana anatuluka awiri, tiana tating'ono ngati mbewa. Wamkazi anakhala moyo, wamwamuna anapita tsiku lomwelo. A Keti anati tikanabwera tsiku limene bulauzi inakana, mwina tikananyamula onse.

Kumudzi azakhali anati, "Mwaona? Atangoulula, mwana wathu wapulumuka. Akanafulumira, winayonso akanakhala." Aliyense anali ndi umboni wake, ndipo onse ankaloza manda amodzi omwewo. Ine ndinangokhala pakati ngati chitsiru.

Ndinawatsata a Sefu kumakina. "Alamu, Rose ameneyu alipodi?"

"Ndinawerenga pa bokosi la sopo," anayankha, osasiya kupalasa.

Anamuuza Asiatu zomwezo, kangapo konse. Ine ndinamuuzanso, mpaka kulumbira. Iye ankangoti, "Ndinamva ndi makutu anga." Sanawasiye, ayi. Anawaberekera ana ena atatu, ndipo mimba iliyonse ankapita kusikelo mwezi ndi mwezi. Koma akati apite ku Limbe, chakudya ankawapakira osawayang'ana, mpaka a Sefu anasiya ulendowo n'kumagula ulusi wodula wa pa boma. Kuyambira pamenepo mzimayi woyembekezera akabwera kudzasoketsa, ankamuyeza dzanja kawiri, lero ndi podzatenga chovala. Likakula, ankamuuza mwamuna wake kuti athamange naye kuchipatala osafunsa munthu.

A Sefu anamwalira mu 1992, chaka cha chilala chija, ndi chifuwa. Amuna akukonza jeneza, chonyamulira maliro, panja, Asiatu anandikokera kuchipinda. Ndinkayesa akufuna nsalu. Anandigwira dzanja mwamphamvu, misozi ili mbwee, n'kundinong'oneza:

"Achemwali, kodi ku Limbe mwatumizako uthenga? Nayenso amve, ankamukonda."