Amalume pa Kaliyala

Njinga yanga yoyamba ndinaigula nditaphunzitsa zaka ziwiri pasukulu ina ya kwa Mbenje, masiku aja chipani chinali chimodzi ndipo munthu sunkayenda wopanda khadi m'thumba. Inali yakuda, ya kaliyala yolimba. Sukulu zitatsekera, dzuwa la chilimwe litayamba kuwawula, ndinaganiza zokwera kumapiri a ku Chididi kukaona achemwali anga amene anakwatiwa kumeneko. Anthu ankati kumtundako munthu amafunda bulangete. Ife akuchigwa, ogona panja pamphasa thukuta lili kamukamu, tinkamva ngati bodza. Ndinkafuna ndiyende ndekha, ndikakhaleko masiku anayi, makutu apumeko ku phokoso la ana asukulu.

M'chikwama chakumsana ndinaikamo malaya awiri, juzi yobwereka, pampu ndi zomatira chubu. Kulakwa kwanga kunali kumodzi: ndinadzera kumudzi kwathu kwa Tengani kukatsanzika mayi.

Pakhonde ndinapeza amalume, mlongo wawo wa mayi. Anali munthu wamtali, mlimi wa thonje, amene akazi awo anamwalira zaka zitatu m'mbuyomo. Atamva za ulendowo sanafunse ngati ndingawatenge. Analowa m'nyumba n'kutuluka atavala jekete, m'khwapa atapanira bakha womangidwa miyendo.

"Tiyeni, mphwanga," anatero. "Kaliyala siyenda yokha ngati kwathu kulibe anthu."

Ndinayang'ana mayi kuti andilanditse. Iwo anangotembenuka n'kukatenga mtolo wa milamba yowamba woti ndikapatse mwana wawo. Kwathu mphwa sakana amalume ake. Chikwama chakumsana chinasamukira pachifuwa, nsomba ndinazimangirira pamahandulo, amalume n'kukhala kumbuyo ndi bakha wawo.

Kuchoka kwa Tengani kufika pa boma la Nsanje ndikanatha dzuwa lisanafike pamutu. Tinafika likulowa. Mchenga unalipo, minga inalipo, koma chimene chinatichedwetsa ndi pakamwa pa amalume. Panalibe mudzi umene analibemo m'bale. Ndikangoti ndapeza liwiro, ankandigogoda pamsana kuti ndiime, pano pali msuweni wa malemu agogo, apo pali mnzawo amene anakagwira naye ntchito m'minda ya nzimbe. Moni ankayamba m'Chimang'anja, n'kubwerezedwa m'Chisena, kenaka n'kuyamba kufunsana za ng'ombe ndi mapira. Paliponse ankatipatsa thobwa, ndipo paliponse ankatisenzetsa kanthu koti tikasiye kwa m'bale wa kutsogolo: kathumba ka mchewere, mpeni wa chikwanje, ngakhale chipande chatsopano. Amalume ankalandira ndi manja awiri, akuthokoza m'Chisena kuti takhuta, takhuta, wopalasa ndili ine.

Pamsika wina anyamata a chipani anatiimitsa kuti tionetse makhadi. Yanga ndinatulutsa. Ya amalume inapezeka kuti ndi ya chaka chatha. Zinandiopsa, poti mphunzitsi wa boma nkhani zotere zinkamuthera ntchito. Amalume sanatekeseke. Anafunsa wamkulu wa anyamatawo kuti kwawo n'kuti, mayi ake ndani, ndipo posakhalitsa anatulukira kuti agogo a mnyamatayo anabadwira kwa Ndamera, kumene ife tili ndi azakhali. Anamufotokozera ubale wonsewo mpaka mnyamatayo anatopa n'kutikwezera dzanja kuti tizipita. Ine ndinali nditaima padzuwa nthawi yonseyo, bakha ali m'manja mwanga, atandiipitsira thalauza.

Tinagona kwa msuweni wathu pabomapo, m'mawa n'kuyamba chitunda. Amene sanakwerepo msewu wa ku Chididi asamanene kuti amadziwa njinga. Unali wa miyala yoterereka, wokhotakhota, ndipo ukati wafika pamwamba umapeza phiri lina likukudikira. Kupalasa kunakanika. Ndinatsika n'kumakankha, katundu wa abale onse aja akundikokera m'mbuyo. Amalume anatsogola ndi bakha yekha, n'kumatembenuka kundilangiza kuti ndizipumira m'mphuno, ndiponso kuti achinyamata a masiku ano tinafooka ndi choko.

Chapakati pa phiri tayala lakumbuyo linaphwa. Ndinakhuthula chikwama chonse pansi, pampu osaoneka. Amalume anati anaibwereketsa dzulo lake kwa mnzawo wa kunzimbe uja, pamene ine ndinapita kuseri kwa nyumba. Akuti munthuyo inali itamusowa kalekale, ndipo tikaitenga pobwerera.

"Amalume, mwapereka pampu ife tikupita kuphiri?"

"Nanga ndikanadziwa bwanji kuti tayala lanu ndi lofewa chonchi?"

Zimene zinali pakamwa panga sizinali zouza mlongo wa mayi ako. Ndinazula udzu wouma n'kuupakira m'tayala mpaka linatupa, ndipo tinapitiriza, njinga ikudumphadumpha ngati yotsimphina.

Titayandikira mudzi wa achemwali, denga lawo ndikuliona, amalume anapatukira kanjira kena kotsikira m'nthochi. Anati tingopereka moni pang'ono. Tinafika pakhomo losesedwa bwino, pomwe mayi wina wachikulire, wamfupi, wamaso akuthwa, ankasenda nandolo. Apa m'pamene amalume anapukuta nsapato ndi masamba, n'kumanga mabatani a jekete. Bakha amene ine ndinkayesa ndi wa achemwali anaperekedwa kwa mayiwo. Ine anandionetsa kuti ndine mphwawo, mphunzitsi wa boma, ndipo njingayo ndi ya pabanja pathu. Anandiuza ndiimike poonekera.

Ndinazindikira mochedwa kuti ndanyamula munthu wokafunsira mbeta. Mayiwo anali wamasiye. Anadziwana ndi amalume kumaliro ena kuchigwa, ndipo chichokereni amalume ankangosowa chokwera ndi munthu wooneka bwino wowaperekeza. Amalume anayankhula nthawi yaitali za munda wawo wa thonje, mbuzi zawo ndi dimba la kumtsinje. Mayiwo sanasiye kusenda nandolo. Atamaliza anakutumula chitenje n'kunena mosakweza mawu:

"Ndamva, bambo. Koma ine kuchigwa kwanu sinditsikirako, ndingakapse. Ngati mukundifuna, mukwere ndinu."

Ndinasangalala mumtima, poganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Amalume anayang'ana nthochi zija, anayang'ana kasupe amene ankatuluka m'munsi mwa nyumba, n'kuvomera.

Masiku anga anayi anathera pamenepo. Mayiwo anali ndi achimwene awo kuseri kwa phiri, ofunika kuuzidwa. Anali ndi mkulu wa mpingo kutsidya kwa khwawa, wofunikanso kumva. Wotumidwa anali mwini njinga. Ndinabwereka pampu kwa mphunzitsi mnzanga wa kumeneko, ndinamata chubu, ndipo ndinakwera ndi kutsika zitunda zimenezo mpaka ntchafu zinauma ngati nkhuni. Kuzizira kuja ndinakumvadi, chifukwa juzi yanga anavala amalume, akuti chifuwa chawo n'chachikulire. Achemwali anga ndinacheza nawo bwinobwino madzulo amodzi okha, ndipo theka la nthawiyo anathera kundiseka.

Tsiku lobwerera amalume anati atsalira kaye kuti aone malo omanga nkhokwe. Ndinaganiza kuti tsopano ndiyenda mopepuka. Koma apongozi anga atsopanowo, mayi wamasiye uja, anamangirira pakaliyala mikoko iwiri ya nthochi ndi thumba la nandolo, zoti ndikagawe kwa abale onse amene anatimwetsa thobwa. Potsika, mabuleki anatentha mpaka kununkha mphira. Ndinadula nthambi ya mtengo, n'kuimangirira kumbuyo kuti izikwekwereza pansi, ndipo ndinafika kuchigwa fumbi lili tolo m'mbuyo mwanga, ana akuthamangira kudzaona.

Kwa Tengani ndinafotokozera mayi zonse mokwiya. Anamvetsera akupeta mapira. Kenaka anafunsa ngati mayi wa kuphiriyo walola. Nditati inde, anapumira m'mwamba n'kunena kuti bola, chifukwa anatopa kuphikira mlongo wawo tsiku ndi tsiku. Anali akudziwa chiyambire.

Ukwati unachitika mvula itagwa, ndipo banjalo linakhala bwino mpaka ukalamba wawo. Paphwando amalume anaimirira n'kuuza anthu kuti mkazi wabwinoyu anamupeza mwamwayi, pamene ankaperekeza mphwawo amene ankaopa kukwera phiri yekha. Anthu anaomba m'manja, ena n'kumanditembenukira mondimvera chisoni. Ine ndinaweramitsa mutu n'kupitiriza kudya mpunga wanga.