Mazira a Mumchenga wa ku Area 12

Ndikukumbukira mulu wa mchenga umene unali kuseri kwa nyumba yathu ku Area 12. Bambo anaugula kwa okumba mchenga ku Lingadzi kuti amangire mpanda, koma njerwa zinachedwa mpaka m'mbali mwa muluwo munamera udzu. Abuluzi ndiye anaupeza. Osati aja a pakhoma ayi. Awa anali amizeremizere, a mchira wautali, okonda pouma ndi potentha, ndipo pakapinga wothiriridwa sankapondapo. Masana ankaothera dzuwa pamwamba pa mulu, ukangosuntha phazi onse zii, alowa m'maenje.

Tsiku lina pochokera kusukulu ndinapeza wina akufukula ndi timiyendo take, n'kuikira timazira toyera ngati nyemba zoviika. Ndinazikapo kamtengo. Tsiku lililonse ndinkagwada pamchenga wootcha mawondo, kudikira kuti aswe.

Ndiye kunabwera amalume ochokera ku Mitundu, kudzafuna ntchito ya ulonda ku City Centre. Mayi atawatuma kukatapa mchenga wokwechera mapoto, anafukula mazira anga aja.

"Achemwali, njoka yaikira pakhomo pano!"

Alonda ndi osamalira maluwa a nyumba zoyandikana anathamangira kwathu ndi zikwanje.

"Amalume, si a njoka, ndi a buluzi! Ndinamuona ndi maso angawa!"

"Iwe wobadwira m'tauni, njoka umaidziwa?"

Basitu, mlandu unathera pomwepo. Anaunjikapo udzu wouma, n'kuthira palafini, n'kukhwatcha machesi, mayi atandigwira pamkono. Fungo lake ndimalimvabe. Anagwetsa mulu wonse ndi makasu, njoka osaipeza, abuluzi akubalalikira pakapinga pamene analibe pobisala. Komatu madzulo amalume anamwa tiyi wamkaka, akuyamikiridwa kuti apulumutsa banja! Ine ndinakalipiridwa chifukwa choyankha akulu. Zimandiwawa mpaka lero. Anthu andevu zawo, kuopa mazira osakwana chala, osafunsa n'komwe amene anaona!

Masiku ano ku Area 43 kumene ndikukhala, mabwalo onse ndi simenti kuyambira pageti mpaka kuseri. Buluzi wa mumchenga akaikire pati? N'chifukwa chake titamaliza kumanga ndinaletsa amisiri kuchotsa mulu wotsala. Oyandikana nawo amati ndi uve. Alankhule.

Mwezi watha amalume anabwera, imvi mbuu, n'kuloza muluwo ndi ndodo.

"Apa mukufuna kumangapo chiyani?"

"Pali eni ake kale, amalume," ndinatero. Kenako ndinalowa kukhitchini, n'kubisa machesi.