Masuku Amene Sitidya

Chaka chimene Vubwi anasanduka boma, tonse tinayamba kulota masana. Ine ndinali patsogolo, ndisaname. Ndinkati ndikamapalira thonje, maso ali pa khasu koma mtima uli mumsewu wa phula umene kunalibe, ndikuyenda pansi pa magetsi ndi nsapato zopanda fumbi ngati mayi wa ku Chipata. Amuna anga, amene anali atangopuma pa uphunzitsi, ankalota sitesheni ya mabasi. Ankati munthu azidzuka, n'kusamba, n'kukwera basi pafupi ndi pakhomo, osati kudikira lole ya thonje pamsewu mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Bomalo linabwera mwakachetechete, timaofesi tochepa ndi mbendera basi. Patapita zaka, m'nyengo yotentha ija imene utsi wa malupsa umabisa mapiri a ku Mozambique, analengeza kutchalitchi kuti a khonsolo akufuna kumva maganizo athu pa mmene tauni idzakhalire. Kumva ife! Ndinaseka mpaka mnzanga wa m'chigwirizano ananditsina. Chichokereni kwathu ku Sinda kudzakwatiwa kuno, panalibe amene anandifunsapo ngakhale pokumba chimbudzi cha pasukulu. Komabe ndinasamba, n'kuvala chitenje cha pa Sabata, n'kupita.

Msonkhano unachitikira pabwalo la sukulu. Woutsogolera anali mtsikana wa ku Katete, wachipewa chachikulu, wolankhula Chinyanja cha m'tauni chothira Chingelezi ngati mchere, koma waulemu ndithu. Sanatambasule pepala ayi. Anati tijambule tokha dera lathu pansi. Ndiye tinathira phulusa kukhala misewu, zitsononkho kukhala nyumba, timiyala kukhala mijigo. Mayi wina anavula mpango wake wabuluu n'kuuyala mokhotakhota, uwo ndiye mtsinje. Kuseri kwa msika, potsetserekera kumtsinjeko, anaikapo masamba, kusonyeza kamsitu ka masuku. Nditaimirira n'kuyang'ana pansi, mutu unandizungulira pang'ono. Moyo wanga wonse unali pamenepo, waung'ono woti nkhuku n'kuupalasa, ndipo ndinkaona ngati ndikuuluka pamwamba pake, mphepo yotentha ikunyamula phulusa la misewu yathu pang'onopang'ono.

"Tsopano ndionetseni malo osafunika kukhudza," anatero mtsikanayo. "Manda ali kuti?"

Amuna anaimirira n'kuika makala pamanda a mudzi uno ndi a tsidya lija.

"Palinso ena?"

"Basi, ndi omwewo," amuna anayankha ndi mtima woyera, pakuti zimene ankadziwa ndi zomwezo. Ife amayi aliyense anangoyang'ana zala za kumapazi kwake.

Kuno mwana akabadwa wakufa, kapena akamwalira asanatuluke m'chikuta, timati nthayo, ndipo sapita kumanda kwa anthu onse. Amayi achikulire okha ndiwo amamukulunga m'kansalu, n'kukamuika m'dzenje losazama, popanda bokosi, popanda nyimbo, popanda kulira. Mwamuna sapitako, ndipo sauzidwa malo ake. Ndife Akhristu, inde, koma nkhani iyi ngakhale kwa abusa sitipita nayo. Malo athu a nthayo anali kamsitu ka masuku kaja. Ana tinkangowauza kuti muli njoka, ndipo amuna nawo anakula akudziwa kuti muli njoka.

Mwana wanga woyamba ali mmenemo. Anabadwa nthawi ya dzinja, mvula ikugwa padenga la udzu, ndipo sanalire. Apongozi anga anandigwira pakamwa nanena kuti, "Usalire, mwanawe, ukalira sudzaberekanso." Amuna anga nthawiyo ankaphunzitsa kutali, cha ku Mkaika, ndipo atabwera anangouzidwa kuti sizinayende bwino. Malo enieni amene anamuika sindiwadziwa, amayi amene anamunyamula onse anapita kale. Ndimangodziwa kamsituko. Popita kudimba ndinkachepetsa mwendo ndikafika pamenepo, ndipo nthawi zina, dzuwa likamalowa pakati pa masamba akuluakulu aja, ndinkaona ngati wina akusuntha m'mithunzi, chaka chino wamsinkhu wokwawa, chaka china wamsinkhu wopita kusukulu, kenaka wamtali kundiposa. Sindinachitepo mantha. Ndinkangoti chamumtima, wakula, n'kupitiriza ulendo wanga.

Ndiye tangoganizani, amuna anga omwewo ndiwo anaimirira, n'kukonza kolala, n'kuloza masamba aja ndi ndodo.

"Sitesheni ikhale apa," anatero. "Ndi pafupi ndi msika, palibe amene amalimapo, palibe nyumba yoti igwetsedwe. Ndi malo ongokhala."

Amuna anaomba m'manja. Ine, amene anthu amati pakamwa panga sipapuma, lilime linalemera ngati mwala wa mphero. Ndikanayamba bwanji? Abusa ali pompo, akamwini ali pompo, anyamata amene ndinawaona akubadwa ali pompo. Ndinaona mabasi akubwerera chammbuyo pamwamba pa mwana wanga, mafuta akudontha, anyamata oitanira akukuwa kuti Chipata, Chipata. Kalanga ine! Chinthu chimene ndinachilakalaka zaka zonsezi ndicho chinkabwera kudzandiponda pamtima.

Wina anatchula malo achiwiri, bwalo lakale logulitsirapo thonje, kumtunda kwa msewu. Kunena zoona malowo ndi oipa, ndi kutali ndi msika ndiponso ndi a miyala. Mtsikana wa khonsolo anatulutsa mbale ya chimanga n'kupatsa aliyense njere imodzi, nati munthu akaike pamene akufuna sitesheni. Amuna anayamba, monga mwa masiku onse, ndipo chimanga chinawunjikana pamasamba paja mpaka kuwakwirira.

Itafika nthawi ya amayi panalibe woimirira. Kenaka anadzuka mayi woyandikana nane nyumba, amene mbuzi zake zinandidyera mpiru chaka chapitacho, ndipo chiyambire tinali tisakupatsana moni. Ndinali nditamunenera mawu oti sangalembedwe. Anayenda pang'onopang'ono, n'kudumpha mtsinje wa mpango uja, n'kukaika njere yake pabwalo la thonje.

"Ife masuku timawafuna," anatero, osayang'ana munthu.

Bodza lamkunkhuniza! Palibe mkazi wa kuno amene anaikapo suku la mmenemo pakamwa. Masukuwo amangogwa n'kuolera pansi. Koma mawuwo anatimasula. Wachiwiri anati mumamera bowa. Wina anati mthunzi. Wina anati njuchi zikasowa kokhala maungu sabereka. Mmodzimmodzi tinkadzuka, ndipo ndinayamba kuona zimene sindinkaziona zaka zonse zija: mayi uyu nayenso ali ndi wake mmenemo, uyu nayenso, ngakhale mkazi wa mkulu wa mpingo amene ndinkamuyesa munthu wosadziwa tsoka. Atsikana okwatiwa chatsopano ochokera ku Malawi sankadziwa kalikonse za kamsituko, koma anayang'ana nkhope za apongozi awo n'kutsatira. Pamene ndinawerama kuika yanga, mayi wa mbuzi uja anandigwira chigongono kuti ndiweramuke.

"Masuku!" mwamuna wina anakuwa. "Mukukana chitukuko chifukwa cha masuku?"

Apo lilime langa linabwerera. "Inde, masuku. Inu akukuwawani chiyani, poti mano oti mudyere mulibe?"

Anthu anaseka, ndipo phokosolo linatithandiza kubisa maso. Pamisonkhano amayi timachuluka nthawi zonse, kungoti sitiwerengedwa. Tsiku limenelo chimanga chinawerengedwa, ndipo mulu wathu unaposa wawo poonekeratu. Mtsikana wa khonsolo anatiyang'ana nthawi yaitali. Kaya anazindikira, kaya ayi, sindidziwa, koma ndi mwana wa ku Katete, ali ndi amayi ake. Sanafunse chifukwa. Anasesa chimanga cha amuna pamasamba paja ndi dzanja lake, nati kamsituko adzakalemba kuti ndi malo osungira mitengo, osamangapo kanthu. Kenaka anatsitsa mawu n'kufunsa ife tokha kuti, "Amayi, malire afike pati?" Tinamuuza kuti mpaka kumtsinje.

Pobwerera amuna anga anali patsogolo, akukankha njinga, khosi lili gwa. Dzuwa linali lofiira chifukwa cha utsi, lotheka kuliyang'ana osaphethira. Anayamba kulankhula osatembenuka.

"Mwandichititsa manyazi, mayi. Anthu ena n'kukana, chabwino, koma inu? Si inu mumadandaula miyendo tsiku ndi tsiku? Tsopano muzikwera chitunda chija ndi katundu pamutu chifukwa cha zipatso za ana."

Ndikanatha kuwayankha mwachipongwe, mayankho ndinali nawo ambiri. Koma ndinali nditatopa nako kusenza ndekha. Tinali titafika pomwe njira imapatukira kudimba, kamsitu kali potero, ndipo ndinaima.

"Bambo, mulibe njoka mmuja. Muli ana. Wathu woyamba uja ali mmenemo."

Njinga inaima. Sanatembenuke msanga. Ndinkangoona msana wawo, malaya atanyowa thukuta pakati, ndi dzanja likufinya chogwirira. Ndinadikira kuti andikalipire poulula za amayi, kapena andifunse chifukwa chimene sindinanenere kale. Iwo anayang'ana mitengo ija ngati munthu amene wafika kumene m'dziko lachilendo. Pamene analankhula, mawu awo anali aang'ono, osati a mphunzitsi.

"Anali mwana wanji?"

Ana athu amoyo onse ndi amuna, ndipo bambowa sanadandaulepo pamaso panga ngakhale tsiku limodzi.

"Wamkazi," ndinatero.

Anagoneka njinga pansi pang'onopang'ono, n'kuvula chipewa, n'kukhala m'fumbi m'mphepete mwa njira, nkhope ataloza kumasuku. Ine ndinakhala pambali pawo, ndipo misozi imene apongozi anandiletsa ndili mtsikana inatuluka, poti zobereka ndinali nditamaliza kale.