Timavu ta mu Kove wa Fatuma

Ndinaganiza zochoka ku Mitande chaka chimene chimanga chinapserera chisanamasule. Mkazi wanga, Abiti Saide, sanalire. Anangofunsa kuti ndibwera liti, ine n'kuyankha kuti mvula ikamayamba ndikhala nditafika. Mwana wathu Fatuma anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinakwera kaminibasi kaja timati chapa mpaka ku Cuamba, sitima mpaka ku Nampula, kenako ulendo wautali wa ku Joni.

Kumeneko ndinapeza ntchito pa famu ya tsabola wolimidwa m'nyumba zazikulu za pulasitiki, zimene kuno timati esitufa. Mdani wathu anali nsabwe za m'masamba, zija zimaunjikana kunsi kwa tsamba n'kumayamwa mpaka likwinyike. Koma kupopera mankhwala ankatiletsa. M'malo mwake kunkabwera timabotolo ta timavu tochepa kuposa udzudzu. Kamavu kamabaya nsabwe n'kuikira dzira m'mimba mwake. Mphutsi imadya nsabweyo cham'kati, nsabwe n'kufufuma, kuuma, n'kukhala ngati kanjere ka mapira. Pakapita masiku, m'kanjeremo mumatuluka kamavu kena kokapitiriza ntchito.

Ine ndinkayenda m'mizere, kutembenuza masamba, kuona ngati tinjere tikuchuluka. Kapitawo ankafuna zolembedwa, ndiye ndinaphunzira kugwira cholembera imvi zitayamba kale. Ndinalemba za nsabwe makope angapo. Kalata ya kwathu sindinalembe ngakhale imodzi. Zaka zoyamba ndinkatumiza ndalama kudzera mwa oyendetsa malole. Kenako zinayamba kuthera komweko, mu lendi ndi mu zina zimene sindingazitchule pano. Lamlungu ndinkagona chagada m'kachipinda ka malata, osalankhula ndi munthu mpaka Lolemba.

Abiti Saide atamwalira, uthenga unandipeza pa foni ndili pakati pa tsabola. Ndinauza abale kuti mapepala anga anatha, sindingadutse malire. Zinali zoona, koma sizinali zonse. Ndinkachita manyazi kufika pamaliro chimanjamanja.

Ndinabwerera chaka chatha, msana utakana ntchito. Fatuma anakwatiwa kufupi ndi Mandimba, ndipo amalima kove, ndiwo zamasamba zonga repu, m'kaesitufa ka neti kamene anamanga ndi mwamuna wake. Anandipatsa kanyumba. Amagwada pondipatsa madzi, chakudya sichichedwa, koma kundifunsa kanthu ayi. Ndimakhala ngati mlendo amene aliyense waiwala tsiku limene anabwera.

Mwezi watha nsabwe zinagwira koveyo. Ndinalowa m'mawa n'kutembenuza tsamba mwachizolowezi, ndipo pakati pa nsabwe ndinaona tinjere tofiirira, tina tobooka kale. Popanda botolo, popanda mzungu, timavu tinali titalowa tokha pamene neti inang'ambika. Zimene ndinaziweramira zaka makumi awiri kudziko la eni zinali kwathu kuno, zaulere.

Fatuma anafika atabereka bomba lopoperera kumsana.

“Mwana wanga, usapopere,” ndinatero. “Taona tinjereti. M'kati muli asilikali ako. Ukathira mankhwala afa ndi iwowa, nsabwe n'kudzabweranso zokhazokha.”

Anayang'ana tsambalo mwaulemu, monga muja timayang'anira chithunzi cha mwana wa munthu wina.

“Bambo, amayi a ku msika akufuna kove Lachisanu likubwerali. Tsamba lokwinyika sagula.”

“Ingodikira masiku khumi okha. Ntchito imeneyi ndimaidziwa. Ndi yokhayo imene ndimaidziwa.”

“Masiku khumi?” Anaseka pang'ono, osati moipa. “Inu masiku anu timawadziwa, bambo. Mayi munawauza kuti mvula ikamayamba.”

Ndinafuna kukalipa. Ndinafuna kunena kuti za mayi ake ndi zina, za nsabwe ndi zina. Kuti pa ichi chokha sindikunama. Mpaka lero zimandiwawa kuti ndinali wolondola. Koma ndikanayambira pati? Iye ndi amene anasambitsa mayi ake, iye ndi amene wakhala akugulitsa kove ameneyu kuti ana ake, ndi ine ndemwe, tidye. Kuno munthu amamvedwa chifukwa analipo, osati chifukwa amadziwa.

Anatsitsa bomba lija, n'kutsegula chivindikiro. Munali mouma.

“Ngati msana ukulola,” anatero osandiyang'ana, “kanditungireniko madzi pachitsime, ndisungunulire mankhwalawa.”

Chibwerere changa, aka kanali koyamba kuti andipemphe chinthu. Ndinayang'ana tsamba lija m'manja mwanga, tinjere tili ndandanda, tina titatsala pang'ono kuswa. Ndinalithyola n'kukaliika pansi bwinobwino, kunja kwa neti kumene mankhwala sangafike. Kenako ndinanyamula chidebe.